JULIANA WOYERA WA KU LIÈGE, MAYI AMENE ADAPEMPHA TSIKU LA UKARISTIA

Chaka ndi chaka nyengo ya Pasaka ikatha, Akatolika amatuluka m'tchalitchi pa mdipiti, wansembe atanyamula Sakramenti Loyera, ana akuwaza maluwa m'njira, amayi akutsogolera nyimbo. Limeneli ndi tsiku la Thupi ndi Magazi a Khristu. Ambiri a ife tidalipeza tsikuli lilipo kale, kotero timayesa ngati lidayamba ndi Atumwi. Koma zoona zake n'zakuti Mpingo udakhala zaka zoposa 1,200 wopanda chikondwerero chimenechi, ndipo amene adayamba kuchipempha adali mayi wina amene adakula ali mwana wamasiye pa nyumba yosamalirako akhate. Dzina lake ndi Juliana. Pamene tikukumbukira zaka za bungwe lathu ndi amayi amene adaliyambitsa, n'koyenera kuti timve mbiri ya mayi ameneyu, pakuti iye adagwira ntchito yaikulu imene mathero ake sadawaone ndi maso.

Kubadwa ndi ubwana wake

Juliana adabadwa cha m'ma 1192 m'mudzi wa Retinne, pafupi ndi mzinda wa Liège, m'dziko limene lero likutchedwa Belgium. Mzinda wa Liège uli m'mbali mwa mtsinje wa Meuse, ndipo masiku amenewo episkopi wa kumeneko ndiye adalinso mfumu yolamulira mzindawo ndi midzi yake. Makolo a Juliana adali anthu opeza bwino, koma onse awiri adamwalira iye ali ndi zaka zisanu zokha. Tsono achibale adamutenga pamodzi ndi mbale wake Agnes n'kukawapereka ku nyumba ya Mont-Cornillon, imene idali patsinde pa phiri kunja kwa mzinda. Chuma chimene makolo awo adasiya chidapita nawo ku nyumbayo.

Mont-Cornillon idali nyumba ya akhate. Anthu a mumzinda adaimanga kuti abale awo odwala khate azikhala padera. Pamalopo padali magulu anayi: amuna odwala, akazi odwala, amuna abwinobwino odzipereka kutumikira, ndiponso akazi abwinobwino odzipereka chimodzimodzi. Onsewa ankakhala pansi pa mkulu mmodzi wamwamuna, koma mbali ya akazi idali ndi mkulu wakewake.

Ana awiriwa adawapereka m'manja mwa sisiteri wina dzina lake Sapientia, amene adawalera pa munda wa nyumbayo. Kumeneko Juliana ankagwira ntchito wamba za pakhomo ndi zosamala ng'ombe. Sapientia adamuphunzitsanso kuwerenga, ndipo mtsikanayo adali wanzeru kwambiri, moti adafika pomawerenga Chilatini popanda womuthandiza. Ankakonda mabuku a Augustine Woyera ndi a Bernard Woyera wa ku Clairvaux, ndipo maulaliki a Bernard oposa makumi awiri ankawadziwa pamtima. Atafika zaka ngati 14 adavala chovala cha usisiteri, nayamba kutumikira odwala pa nyumba yomweyo imene idamulera.

Chipembedzo cha masiku amenewo

Kuti timvetse bwino zimene Juliana adapempha, tiyenera kudziwa m'mene Akhristu a nthawi yake ankapembedzera. Misa inkachitika m'Chilatini, wansembe atayang'ana ku guwa, ndipo mapemphero ambiri ankawanena motsitsa mawu. Anthu wamba ankadziona kuti ndi osayenera, kotero ambiri sankalandira Ukaristia kawirikawiri. Zidafika poti m'chaka cha 1215 Msonkhano waukulu wachinayi wa ku Lateran, umene adaitanitsa Papa Innocent III, udalamula kuti Mkhristu aliyense wofika msinkhu azilapa kamodzi pachaka ndiponso azilandira Ukaristia pa Pasaka. Lamulo lotere likutisonyeza kuti padali ena amene ankatha chaka chathunthu osafika pa tebulo la Ambuye.

Komabe m'zaka zomwezo njala ya Ukaristia inkakula m'mitima ya anthu. Cha m'ma 1200 udafala mwambo wakuti wansembe akadalitsa mkate aziukweza pamwamba kuti anthu auone ndi kuupembedza. M'dayosizi ya Liège mudali akazi ambiri opemphera, ena masisiteri, ena okhala m'timagulu m'mizinda, odzidyetsa ndi ntchito za manja awo, osamala odwala ndi osauka. Mmodzi wodziwika mwa iwo adali Marie wa ku Oignies, amene adamwalira m'chaka cha 1213. Akazi amenewa ankakonda kwambiri Sakramenti Loyera, ndipo Juliana adakulira pakati pa chikondi chimenechi.

Chaka cha Mpingo chidali chitakhazikika kale monga tikuchidziwira: Adiventi, Khirisimasi, masiku makumi anayi a Lenti, Sabata Loyera, Pasaka, Kukwera Kumwamba kwa Ambuye, ndi Pentekoste. Ku Liège ankasunganso tsiku la Utatu Woyera kuyambira nthawi ya episkopi wawo Stephen, zaka mazana atatu m'mbuyomo, ngakhale kuti Mpingo wonse udalilandira mochedwa, m'chaka cha 1334. Ukaristia unkakumbukiridwa pa Lachinayi Loyera, usiku umene Ambuye adadya mgonero wotsiriza ndi ophunzira awo. Koma tsiku limenelo lidali lodzaza ndi miyambo ina: kudalitsa mafuta oyera, kusambitsa mapazi, kulandiranso olapa. Pamwamba pa izo, mitima ya anthu inkakhala italemedwa kale ndi chisoni cha Lachisanu Loyera. Mpata wokondwerera mphatsoyo ndi mtima wonse padalibe.

Mwezi wokhala ndi banga

Ali ndi zaka ngati 16, Juliana adayamba kuona masomphenya pa nthawi ya mapemphero. Ankaona mwezi wathunthu ukuwala bwino, koma pa mbali ina padali banga lakuda, ngati kuti kachigawo kena kabenthuka. Masomphenyawa ankabwerabwera, ndipo iye adachita mantha poganiza kuti mwina ndi mayesero ofuna kumusokoneza. Adayesetsa kuwachotsa m'maganizo, napempha Mulungu kuti amuchotsere, koma sadachoke. Pomaliza adasintha pemphero lake, napempha kuti ngati zili ndi tanthauzo, alidziwe.

Mbiri ya moyo wake, imene idalembedwa patangopita zaka zochepa iye atamwalira, imanena kuti Khristu adamuululira tanthauzo lake. Mwezi uja udali Mpingo wa pansi pano ndi masiku ake opatulika a m'chaka, ndipo banga lija lidali tsiku limodzi limene linkasowa, tsiku lolemekeza Thupi ndi Magazi a Ambuye. Tsikulo lidayenera kulimbitsa chikhulupiriro cha anthu, kuwathandiza kukula m'makhalidwe abwino, ndiponso kupepesa chifukwa cha mphwayi ndi chipongwe chimene Sakramentili limalandira tsiku ndi tsiku. Ndipo iye ndiye adauzidwa kuti ayambe ntchitoyo.

Apa m'pamene tikuona mtima wa Juliana. Iye sadathamangire kukalengeza. Adadziona kuti ndi mtsikana wopanda dzina, wokhala pa nyumba ya akhate, ndipo adadandaulira Mulungu kuti ntchito yotere aipereke kwa ansembe ophunzira amene anthu angawamvere. Adasunga chinsinsichi mumtima zaka pafupifupi makumi awiri. M'zaka zonsezo ankadzuka, kupemphera, kusambitsa odwala, kusala zakudya, ndi kuwerenga. Sapientia atamwalira, masisiteri adasankha Juliana kukhala mkulu wawo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwa zaka zimenezi kudachititsa kuti pamene adatsegula pakamwa, adayankhula ngati mayi wokhwima amene anthu ankadziwa kale ntchito zake.

Anzake amene adasenza naye

Munthu woyamba kumva chinsinsichi adali mnzake wapamtima Eve. Mayi ameneyu adadzipereka kukhala moyo wake wonse m'kachipinda komangidwa pakhoma la tchalitchi cha Martin Woyera mu Liège, akupemphera ndi kulangiza anthu obwera pa zenera lake. Juliana ndiye adamulimbikitsa kusankha moyo umenewu, ndipo ankapita kukamuchezera. Wachiwiri adali Isabelle wa ku Huy, amene adabwera kudzakhala ku Mont-Cornillon. Poyamba Isabelle sadaone chifukwa cha tsiku latsopano, popeza Misa ya tsiku lililonse ndi chikumbutso cha Ukaristia. Koma patapita nthawi mtima wake udatembenuka, nakhala mmodzi wa olimbikira kwambiri.

Mutu umodzi susenza denga. Amayi atatuwa adadziwa kuti mkazi payekha sakadatha kuika tsiku m'chaka cha Mpingo, kotero Juliana adafotokozera wansembe wina wa pa tchalitchi cha Martin Woyera, John wa ku Lausanne, munthu wodziwika ndi moyo wabwino. Adamupempha kuti akafunse akatswiri a za Mulungu, koma asatchule dzina lake. John adapitadi kwa anthu ophunzira. Pakati pawo padali Hugh wa ku Saint-Cher, mkulu wa ansembe a chipani cha Dominic Woyera, Guiard episkopi wa ku Cambrai, ndiponso Jacques Pantaléon, mwana wa munthu wosoka nsapato wa ku Troyes, amene pa nthawi ina adali mmodzi wa akuluakulu othandiza episkopi wa Liège. Onsewa adapeza kuti palibe chotsutsana ndi chikhulupiriro m'pempholi.

Tsiku lalikulu limafuna mapemphero ndi nyimbo zakezake, zimene ansembe ndi masisiteri amaimba pa maola osiyanasiyana a usana ndi usiku. Juliana sadapite kwa akatswiri otchuka. Adasankha mnyamata wina wa pa nyumba yawo yomweyo, dzina lakenso John, amene ankadzikayikira kuti sangathe. Adagwirizana kuti iye azilemba pamene Juliana akupemphera, ndipo chilichonse cholembedwa ankabwera nacho kuti mayiyo achione ndi kukonza. Ntchito itatha, akatswiri aja adaiwerenga naivomereza.

Mkangano wa pa Mont-Cornillon

Nkhani itamveka mumzinda, si onse adakondwa. Ansembe ena ankati masiku opatulika alipo kale okwanira, ena ankati n'kuwononga ndalama, ndipo ena ankangomuseka Juliana kuti ndi mkazi wolota. Koma mavuto aakulu adachokera m'nyumba mwake momwe.

M'chaka cha 1237 mkulu wa nyumba yonse, Godfrey, amene ankagwirizana ndi Juliana, adamwalira. M'malo mwake mudalowa munthu wina dzina lake Roger, amene adapeza udindowo pogula ndi ndalama. Juliana adali atayamba kale kubwezeretsa mwambo pakati pa masisiteri, ndipo ena osafuna kudzudzulidwa ankamuda. Tsono Roger adafuna kuti Juliana apereke makalata a minda ndi chuma cha nyumbayo. Iye adakana, podziwa kuti chuma chimene chidaperekedwa kuti chithandize odwala chikadathera m'manja mwa munthu wosakhulupirika.

Roger adapita kwa anthu a mumzinda, amene kuyambira kale ankati nyumbayo ndi yawo, nawauza kuti Juliana akuba ndalama za akhate kuti akagulire episkopi chifukwa cha chikondwerero chake chija. Anthu adapsa mtima. Chigulu chidabwera n'kuthyola chipinda chake chopemphereramo pofuna makalata aja, koma sichidawapeze. Juliana adathawira kwa Eve, ndipo John wa ku Lausanne adamupezera pokhala iye ndi masisiteri amene adamutsata. Izi zidachitika cha m'ma 1240.

Chaka chomwecho Liège idalandira episkopi watsopano, Ambuye Robert wa ku Thourotte. Iwo adafufuza mlanduwo, napeza kuti Juliana adalibe cholakwa ndipo kuti Roger adalowa pa udindo mwa ziphuphu. Roger adachotsedwa, Juliana adabwerera kwawo, ndipo John uja wolemba mapemphero adaikidwa kukhala mkulu wa nyumbayo.

Chikondwerero choyamba

Ambuye Robert sadafulumire kuvomera tsiku latsopanolo, koma atalingalira bwino, m'chaka cha 1246 adalemba kalata kwa ansembe onse a m'dayosizi yawo. Adalamula kuti chaka chilichonse, Lachinayi lotsatira Lamulungu la Utatu Woyera, anthu azikondwerera Sakramenti Loyera, azisiya ntchito ngati pa Lamulungu, ndipo dzulo lake azisala zakudya. Adasankha Lachinayi chifukwa ndilo tsiku la mgonero wotsiriza, koma tsopano Lachinayi lake lidali la kunja kwa Lenti, lopanda chisoni, patapita masiku 60 kuchokera pa Pasaka.

Mwatsoka episkopiyo adadwala namwalira ku Fosses pa 16 Okutobala chaka chomwecho, lamulo lawo lisadafike ponseponse. Ali pa mphasa ya imfa adapempha kuti awaimbire mapemphero a tsiku latsopanolo. Ansembe ambiri adangolinyalanyaza lamulolo, koma a pa tchalitchi cha Martin Woyera, pamene padali kachipinda ka Eve, adalisunga, ndipo kumeneko ndiko chikondwererochi chidachitikira koyamba.

Patapita zaka zochepa Hugh wa ku Saint-Cher, amene tsopano adali kadinala ndi nthumwi ya Papa ku maiko a Germany, adafika ku Liège. M'chaka cha 1251 adatsogolera yekha chikondwererochi pa tchalitchi chomwecho, ndipo m'chaka cha 1252 adalamula kuti chizisungidwa m'dera lonse limene iye ankayang'anira.

Kuthawa kwachiwiri ndi imfa yake

Walira mvula walira matope. Imfa ya Ambuye Robert idamusiya Juliana wopanda womuteteza. Wolowa m'malo mwawo m'chaka cha 1247, Henry wa ku Guelders, adali munthu wokonda za ufumu ndi nkhondo koposa za Mpingo. Adani a Juliana adapezanso mphamvu, John adachotsedwa, ndipo chipinda cha mayiyo chidagwetsedwa. Poona kuti kukhalapo kwake kukungowonjezera chipwirikiti, Juliana adachoka pa nyumba imene adakhalapo zaka pafupifupi makumi asanu. Adatuluka ndi masisiteri owerengeka, pakati pawo Isabelle, ndipo sadabwererenso.

Zaka khumi zotsiriza za moyo wake zidali za kuyendayenda. Adalandiridwa ndi masisiteri a chipani cha Cîteaux ku Robermont, ku Val-Benoît ndi ku Val-Notre-Dame, koma adani ake ankamulondalonda, ndipo sankakhalitsa malo amodzi. Adafika ku Namur, kumene adakhala mu umphawi waukulu pakati pa akazi opemphera a mumzindawo, akudalira zopatsidwa. Mayi amene chuma cha makolo ake chidalemeretsa Mont-Cornillon adasanduka wosowa. Pambuyo pake mkulu wa masisiteri a ku Salzinnes, Imène, adamutenga namusunga. Anzake amene adatuluka naye adamwalira mmodzimmodzi m'zaka zimenezi.

M'chaka cha 1256 ku Namur kudabuka nkhondo, ndipo masisiteri a ku Salzinnes adabalalika. Imène adapita naye Juliana ku Fosses, mudzi womwe uja adamwalirira Ambuye Robert, ndipo kumeneko adampatsa kachipinda pafupi ndi tchalitchi. Adali atakalamba ndi kudwala. Pa Pasaka wa chaka cha 1258 adapempha kuti amunyamule kupita naye m'tchalitchi, nalandira Ukaristia. Masiku otsatira matenda adakula, moti sankathanso kumeza. Pamenepo adamubweretsera Sakramenti Loyera m'chipinda mwake kuti angoliona ndi kulipembedza. Adamwalira akuliyang'ana pa Lachisanu, 5 Epulo 1258. Monga mwa pempho lake, adaikidwa m'manda ku nyumba ya amonke ya Villers.

Pa tsiku la imfa yake, chikondwerero chimene adachivutikira chinkasungidwa m'matchalitchi owerengeka okha. Mwa kuona kwa anthu, ntchito yake idaoneka ngati yalephera.

Mwana wa wosoka nsapato akhala Papa

Koma Eve adali akali moyo m'kachipinda kake, ndipo sadaleke. Adasonkhanitsa zimene ankakumbukira za mnzakeyo, zimene zidathandiza wolemba mbiri ya Juliana, ndipo ankalimbikitsa akuluakulu a Mpingo kuti nkhaniyo ifike kwa Papa. M'chaka cha 1261 chidachitika chinthu chimene palibe adachiyembekeza. Jacques Pantaléon uja, amene adamva za pempholi ali ku Liège, adali atakhala episkopi wa Verdun ndiponso mkulu wa Mpingo ku Yerusalemu, ndipo tsopano adasankhidwa kukhala Papa, natenga dzina lakuti Urban IV.

Mwambo wa Mpingo umasimbanso kuti m'chaka cha 1263, ku Bolsena m'dziko la Italy, wansembe wina wokayika adaona magazi akudontha kuchokera mu mkate wodalitsidwa pa nthawi ya Misa. Nsalu ya paguwa ya tsikulo imasungidwa mpaka lero m'tchalitchi chachikulu cha ku Orvieto, mzinda umene Papa ankakhala pa nthawiyo.

Pa 11 Ogasiti 1264 Papa Urban IV adatulutsa kalata yotchedwa Transiturus, yolamula kuti Mpingo wonse wa Chilatini uzisunga chikondwererochi pa Lachinayi lomwe lija. M'kalatayo adakumbutsa kuti pamene adali pa udindo wocheperapo, adamva kuti Akatolika ena adaululiridwa ndi Mulungu za tsikuli. Mapemphero ndi nyimbo zatsopano adalemba ndi Thomas Aquinas Woyera. Mwa nyimbozo muli Lauda Sion ya pa Misa, ndi Pange Lingua, imene ndime zake ziwiri zotsiriza ndizo Tantum Ergo, yoimbidwa pa madalitso a Sakramenti Loyera. Mu Seputembala chaka chomwecho Papa adalembera kalata Eve mwiniwake, kumuuza kuti chimene ankachifuna chachitika, namutumiziranso mapemphero atsopanowo. Taganizani, Papa kulembera kalata mayi wokhala m'kachipinda kotseka!

Ngakhale apo, njira idali isadathe. Urban IV adamwalira pa 2 Okutobala 1264, ndipo m'maiko ambiri lamulo lake lidaiwalika kwa zaka pafupifupi makumi asanu. Papa Clement V, amene adatsogolera Msonkhano wa ku Vienne m'zaka za 1311 ndi 1312, adalibwereza, ndipo Papa John XXII adaliika m'buku la malamulo a Mpingo m'chaka cha 1317. Kuyambira pamenepo chikondwererochi chidafala ponseponse. Mdipiti sudatchulidwe m'kalata ya Urban. Udayamba ndi Akhristu eni ake m'mizinda ina monga Cologne, ndipo m'zaka za m'ma 1300 udakhala mwambo wa maiko onse a Chikatolika.

Tsikuli m'zaka zapafupi

Nyumba ya amonke ya Villers idatsekedwa m'chaka cha 1796, pa nthawi ya chipwirikiti cha ku France, ndipo lero kudatsala mabwinja okha. Koma dzina la Juliana silidafe. M'chaka cha 1869 Papa Pius IX adavomereza kuti azilemekezedwa monga woyera, ndipo m'chaka cha 1902 Papa Leo XIII adavomereza kuti Eve atchedwe wodala. Pa 17 Novembala 2010 Papa Benedict XVI adaphunzitsa anthu ku Rome za moyo wa Juliana.

Njala ya Ukaristia imene akazi a ku Liège adali nayo idayankhidwanso mwa njira ina. M'chaka cha 1905 Papa Pius X adalimbikitsa Akhristu kulandira kawirikawiri, ngakhale tsiku ndi tsiku, ndipo m'chaka cha 1910 adalola kuti ana ayambe kulandira akafika zaka ngati zisanu ndi ziwiri.

Kale chikondwererochi chinkapitirira masiku asanu ndi atatu, koma Papa Pius XII adachotsa mwambo umenewo m'chaka cha 1955. Pokonzanso chaka cha Mpingo mu 1969, tsiku la Magazi a Ambuye, limene linkachitika pa 1 Julaye, lidaphatikizidwa ndi limeneli, ndipo n'chifukwa chake timati tsiku la Thupi ndi Magazi a Khristu. M'maiko ambiri maepiskopi adalisunthira pa Lamulungu lotsatira kuti anthu ogwira ntchito athe kufikapo.

Zimene tingatolepo

Amayi, pali zinthu zitatu zimene moyo wa Juliana ukutiphunzitsa. Choyamba ndi kukhulupirika pa chuma cha ena. Chimene chidamuthamangitsa kwawo adali makalata a chuma cha akhate amene adakana kupereka. Akadangogonja, akadakhala pamtendere m'nyumba mwake mpaka imfa. Aliyense wa ife amene amasunga thumba la bungwe, la odwala kapena la ana amasiye akumbukire kuti kupemphera ndi kusunga bwino ndalama za osauka zidayendera limodzi mwa mayi ameneyu.

Chachiwiri ndi ubwenzi. Popanda Sapientia, mwana wamasiye uja sakadadziwa kuwerenga. Popanda Isabelle, akadayenda yekha m'zaka za kuthawa. Popanda Imène, akadafera panja. Popanda Eve, ntchitoyo ikadalowa naye m'manda. Ngakhale Isabelle, amene adayamba ndi kutsutsa, Juliana sadamutaye, koma adamuyembekeza mpaka adamvetsa.

Chachitatu ndi kupirira pa ntchito imene zipatso zake adzadya ndi ena. Kuchokera pa masomphenya oyamba kufika pa kalata ya Papa Urban padapita zaka zoposa makumi asanu, ndipo kufika pamene tsikuli lidakhazikika ponseponse padapita zoposa zana limodzi. Juliana adaona gawo laling'ono chabe. Chimodzimodzi amayi amene adayambitsa mabungwe athu, ambiri adagona asadaone kuchuluka kwathu lero.

Tsono tsiku la Thupi ndi Magazi a Khristu likadzafikanso, pamene tikusesa njira, kukonza maguwa a panja ndi kuthyola maluwa a ana, tidzakumbukire mayi wa ku Mont-Cornillon ndi anzake. Juliana Woyera, mutipempherere ife.